Kulira kwa Chule Wotsiriza

Akuluakulu akale adati chule adadabwa m'madzi muli mwake. Mwambiwu umanenedwa pamene munthu wakumana ndi zachilendo pamalo pamene amapadziwa bwino. Makolo amene adaupeka sadadziwe kuti tsiku lina mawuwo adzapherezera pa chule weniweniyo. M'zaka za m'ma 1980, akatswiri a zachilengedwe m'maiko osiyanasiyana adayamba kudandaula kuti achule akuzimirira m'nkhalango zimene munthu sadazikhudze ndi nkhwangwa kapena moto. Mitsinje idali kuyenda monga kale, mitengo ili chiimire, koma usiku kudali zii. Imfa idali itabisala m'madzi momwemo, kwawo kwa chule.

Padatenga nthawi kuti chinsinsi cha imfayo chiululike. M'chaka cha 1998 akatswiri adatsimikiza kuti chimene chinkapha achule ku Australia ndi ku Central America ndi kachilombo ka mtundu wa chuku, pachibale ndi bowa. Chaka chotsatira, Joyce Longcore ndi anzake adakapatsa dzina loti Batrachochytrium dendrobatidis. Timbewu ta chukuchi timasambira m'madzi, ndipo tikapeza chule timalowa m'khungu lake n'kuyamba kuswana. Tsono khungu la chule si chofunda chabe. Chule samwa madzi ndi pakamwa ayi. Amayamwa madzi ndi mchere wofunika m'thupi kudzera pakhungu, ndipo mpweya wina amapumiranso pomwepo. Khungu likakhuthala ndi matendawa, mchere umaperewera m'magazi mpaka mtima umaleka kugunda. Kafukufuku amene adafalitsidwa m'chaka cha 2019 adapeza kuti mitundu 501 ya achule ndi abale awo idachepa chifukwa cha matendawa, ndipo 90 mwa iyo ikuganiziridwa kuti idatheratu.

Ku Central America mliriwu udayenda ngati moto wolusa m'tchire, kuchokera ku Costa Rica kulowera chakum'mawa m'mapiri a dziko la Panama. M'chaka cha 2004 udafika ku El Copé, kumene katswiri wina, Karen Lips, ndi gulu lake adakhala akuwerenga achule kwa zaka zingapo. Patangopita miyezi yochepa, m'mbali mwa mitsinje mudadzaza mitembo. Aliyense wodziwa kuwerenga mapu adaona kuti mliriwo ukulunjika ku El Valle de Antón, tauni yokhala m'chigwa cha phiri lophulika limene lidazima kalekale. Njira yoletsera matendawo kulowa m'nkhalango padalibe. Chotheka chidali chimodzi chokha: kuchotsa achule ena mliri usadafike, monga mlimi wanzeru amapatula mbewu n'kuibisa patsindwi akaona kuti anankafumbwe alowa m'nkhokwe.

Motero m'chaka cha 2005 akatswiri ochokera ku Zoo Atlanta ndi ku Atlanta Botanical Garden, m'dziko la America, mogwirizana ndi anzawo a ku Panama, adalowa m'nkhalango za ku El Valle kukatola achule. Ena mwa achulewo adakwera ndege atalongedzedwa m'masutikesi. Mliri utafikadi m'chaka cha 2006, nyumba yosungiramo achule imene inkamangidwa m'tauniyo idali isadathe. Edgardo Griffith, katswiri wa ku Panama komweko, pamodzi ndi Heidi Ross ndi anthu ena ongodzipereka, adasunga achule mazanamazana m'zipinda ziwiri za hotela yotchedwa Campestre. Anthuwo ankatsuka mabokosi tsiku ndi tsiku ndi kusaka tizilombo todyetsa alendo achilendowo. Wodutsa panjira akadatha kuseka poona anthu ophunzira akusamalira achule m'nyumba yogona alendo, koma eniake ankadziwa kuti m'mabokosi ena mudali mbewu yotsala ya mtundu wonse.

Pakati pa achule amene adapita ku Atlanta padali mtundu wina umene akatswiri adali asadaupatse n'komwe dzina. Udali wa achule a mumtengo. Amene adaonapo chithovu choyera chikulendewera panthambi pamwamba pa chithaphwi nthawi ya dzinja amadziwa kuti si chule aliyense amene amakhala m'matope. Alipo ena okhala ndi timapadi tomata kunsonga za zala, amene moyo wawo uli m'mitengo. Wa ku El Valle ameneyu adali wofiirira, wamkulu pafupifupi kudzaza chikhatho. Pakati pa zala zake padali chikopa chachikulu chopyapyala, ndipo akadumpha kuchokera pamwamba pa mtengo ankatambasula zalazo n'kutsika pang'onopang'ono ngati tsamba louma. M'chaka cha 2008 Joseph Mendelson ndi anzake adautcha mtunduwo Ecnomiohyla rabborum, polemekeza George Rabb ndi mkazi wake Mary, amene adagwira ntchito yoteteza nyama kwa zaka zambiri.

Chodabwitsa kwambiri pa chuleyu chidali kaleredwe ka ana. Wamphongo ankasankha mphako ya mtengo yokhala ndi madzi a mvula, nailondera, nayamba kuitana. Wamkazi akabwera ankaikira mazira m'mphakomo n'kuchoka, ndipo ntchito yonse yotsala inkagwera bambo. M'mphako mulibe ndere zokwanira kudyetsa ambululu ambiri. Tsono bamboyo ankamiza theka la thupi lake m'madzimo n'kukhala duu, ambululu n'kumapala ndi kudya timagawo ta khungu lake. Kholo lodyetsa ana ndi thupi lake lomwe ndi chinthu chimene ngakhale opeka nthano akadachita nacho kakasi. Komatu khungu lomwelo, limene lidali nkhokwe ya ana, ndilo chakudya cha chuku chakupha chija. M'chaka cha 2007 kulira kwa chule wamphongo wa mtunduwu kudamveka m'nkhalango ya ku El Valle, ndipo kumeneko kudali komaliza.

Chiyembekezo chonse chidatsalira m'mabokosi agalasi. Apa mpofunika kumvetsa kuti kuweta chule si chimodzimodzi kuweta nkhuku. Nkhuku yakhala ndi munthu zaka zikwizikwi, ndipo zofuna zake zimadziwika ndi mwana yemwe. Chule wa m'nkhalango ya nkhungu amafuna kuti nkhalango yonse imutsatire m'bokosi. Madzi ayenera kusefedwa, pakuti mankhwala a m'madzi a pampopi amalowa pakhungu. Mpweya uyenera kukhala wozizira ndi wachinyezi usana ndi usiku. Chule sadya chakufa, motero wosunga achule amayamba waweta nkhululu ndi tintchentche ta pazipatso, n'kumatiwaza ufa wa kashiyamu ndi mavitamini kuti mafupa a achule asapindike. Chule wongochokera m'tchire amayamba wasambitsidwa m'mankhwala opha chuku kwa masiku angapo. Wolowa m'chipinda amasintha nsapato ndi kuvala magolovesi, chifukwa dontho limodzi la madzi oipa likhoza kufafaniza ntchito ya zaka khumi. Ku Atlanta, achule osowa kwambiri ankasungidwa m'kontena yonyamulira katundu pa sitima, imene adaikonza kukhala chipinda chotetezeka.

Zonsezi ndi zongosunga moyo. Kuswanitsa ndi nkhani ina. Achule ambiri saikira mazira pokhapokha atamva kuti dzinja lafika. Osunga amachita kupanga chilimwe pochepetsa madzi kwa milungu ingapo, kenaka n'kugwetsa mvula ya m'mipopi kuti achulewo anyengeke. Zikakanika amawabaya mahomoni. Amalembanso m'kaundula kholo la chule aliyense, kuopa kukwatitsa apachibale, pakuti ana obadwa motero amafooka mbadwo ndi mbadwo. Pa mitundu ina nzeru zimenezi zimagwira ntchito. Pa chule wa Rabb zidalephera. Ambululu adabadwa ndithu, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene adakula. Anthu adali asadaphunzire mokwanira za moyo wa chuleyu m'mitengo ya kwawo, ndipo nkhalango imene ikadawaphunzitsa idali itakhala kale chete.

Wamkazi wotsiriza adafa m'chaka cha 2009. Padatsala amphongo awiri. Wa ku Zoo Atlanta adadwala, ndipo mu February 2012 madokotala a ziweto adamugoneka kuti asazunzike. Amene adatsala yekha adali wa ku Atlanta Botanical Garden, amene mwana wamng'ono wa womusamalira adamutcha Toughie, kutanthauza wolimba. Kwa zaka zambiri chuleyu adakhala osatulutsa mawu. Koma tsiku lina mu December 2014, womusamalirayo, Mark Mandica, adamva phokoso lachilendo longa kuuwa kwa galu likuchokera m'kontena muja. Adalowa mwakachetechete najambula mawuwo pa foni. Toughie adali kuitana mkazi, monga makolo ake ankachitira m'mphako za ku El Valle, koma pa dziko lonse lapansi padalibe woti ayankhe. Chithunzi chake, chimene adajambula Joel Sartore, chidaonetsedwa pa makoma a tchalitchi cha St. Peter ku Vatican m'chaka cha 2015, ndipo anthu miyandamiyanda adamudziwa. Pa 26 September 2016 adapezeka atafa m'bokosi lake.

Wina akhoza kufunsa kuti phindu la ntchito yonseyi lidali chiyani. Ndalama zidapita, anthu adakhala usiku osagona, koma mtunduwo udatha ndithu. Ena amatsutsanso kuti chule wa m'galasi ndi mkaidi chabe, ndi kuti chuma chimenecho chikadagwira ntchito yoteteza nkhalango kapena yothandiza anthu osauka. Mafunso amenewa ndi olemera, ndipo sayenera kuyankhidwa mwachibwana. Ndi zoona kuti bokosi silingalowe m'malo mwa nkhalango. Ndi zoonanso kuti chuku chija chikadali m'mitsinje ya ku Panama, kotero kuti achule ambiri obadwira m'galasi alibe kwawo kobwerera. Chule wagolide, amene ndi chizindikiro cha dziko la Panama ndipo amakumbukiridwa pa 14 August chaka chilichonse, sadaonekenso m'tchire chiyambire 2009, ngakhale kuti m'malo osungirako nyama akuswana bwino.

Komabe mbewu ikakhalapo, munda ukhoza kudzalidwanso mvula ikabwera. Chitsanzo chili pafupi, m'dziko la Tanzania. Kachule kakang'ono kachikasu ka pa mathithi a Kihansi, m'mapiri a Udzungwa, kankadalira mafunde a nkhungu yochokera ku mathithiwo. Damu lopangira magetsi litachepetsa madzi, achule 499 adatengedwa m'chaka cha 2000 kupita ku Bronx Zoo mu mzinda wa New York, ndipo ena adakasungidwa ku Toledo Zoo. M'chaka cha 2009 kudalengezedwa kuti mtunduwo watha m'tchire. Koma a m'galasi aja adaswana kufika zikwi, ndipo m'chaka cha 2012 ena adabwezedwa kwawo, kumene mipopi yowaza madzi idaikidwa m'malo mwa nkhungu yakale. Kuwakhazikitsanso sikudakhale kwapafupi, koma pakadapanda mabokosi aja sipakadakhala n'chobweza chomwe. Ku Manchester Museum, m'dziko la Britain, akhala akuswanitsa chule wa mumtengo wa maso aakulu wotchedwa Agalychnis lemur, amene kwawo ku Costa Rica adatsala pang'ono kutha. Ku Australia nako, m'chaka cha 2024, Anthony Waddle ndi anzake adaonetsa kuti njerwa zamabowo zoikidwa padzuwa m'tinyumba ta pulasitiki zimathandiza achule a mtundu wina kudzichiza okha, chifukwa chukucho sichipirira kutentha kofika madigiri 30. Achule ochira motero amalimba akakumananso ndi matendawo. Nzeru zotere zimabwera mochedwa, ndipo zimathandiza mitundu yokhayo imene idasungidwa kufikira nzeruzo zitapezeka.

Nanga munthu wamba zimamukhudza bwanji? Chule ali pakati pa unyolo wa zamoyo. Ambululu amadya ndere nayeretsa mitsinje. Achule aakulu amadya tizilombo. Njoka ndi mbalame zimadya achule. Ku El Copé, achule atatha, mitundu ya njoka nayo idachepa. Kafukufuku wina wa m'chaka cha 2022 adapeza kuti m'maboma a ku Costa Rica ndi Panama m'mene mliri wa achule udadutsa, odwala malungo adachuluka kwa zaka zingapo zotsatira, ndipo ofufuzawo adaganizira kuti udzudzu udapeza mpata adani ake atachepa. Kwa anthu okhala m'dziko limene malungo amagoneka ana m'zipatala dzinja lililonse, imeneyi si nkhani yakutali. Pa phiri la Mulanje palinso kachule kotchedwa Nothophryne broadleyi, kokhala pa matanthwe onyowa, kamene moyo wake ukudalira kuti moto ndi nkhwangwa zisamalize zomera za paphiripo.

Phunziro lalikulu la chule wa Rabb lagona pa nthawi. Mtunduwo udadziwika kwa akatswiri mliri uli kale pakhomo. Udalandira dzina utasowa kale m'tchire. Ndipo omwe adapulumutsidwa adali ochepa kwambiri kuti ayambitse mbumba yatsopano. Madzi akatayika saoleka. Ntchito yoswanitsa nyama m'malo otetezedwa imapindula ikayamba msanga, nyamazo zikadali zambiri, anthu ataphunzira kale zimene zimadya ndi mmene zimalerera ana. Imapindulanso pokhapokha ena akugwira ntchito yokonza kwawo kwa nyamazo, pakuti mutu umodzi susenza denga. Wophunzira amene lero amalemba m'kope mitundu ya achule olira padambo la kwawo, mwezi umene amayamba kulira ndi malo amene amaikira mazira, akusonkhanitsa nzeru zimene osamalira Toughie adazisowa pa nthawi imene zidali zofunika koposa.