Ku Cieszyn, tauni ya akalonga imene mtsinje unaigawa pakati

Sitima yochokera ku Ostrava inanditsitsa ku Český Těšín, m'dziko la Czech, m'mawa kukuzizira. Kuchoka pasiteshoni kukafika pamlatho wa mtsinje wa Olza ndi kamtunda koyenda wapansi, ndipo nditangooloka ndinali ndalowa mu Cieszyn, ku Poland. Palibe anandifunsa pasipoti. Tauniyi inali imodzi, likulu la kadziko kokhala ndi kalonga wakewake kwa zaka zoposa 600, mpaka mu 1920 pamene akuluakulu a mayiko ena anaidula potsata mtsinjewo, Apolishi ndi Acheki atamenyanirana derali mu 1919.

Ndinakwera kaphiri kamene panali linga la akalonga. Lingalo linaphwasuka kalekale. Chatsala ndi nsanja yamiyala ya m'zaka za m'ma 1300 ndi katchalitchi kozungulira ka Nicholas Woyera, ka makoma ochindikala ndi timazenera tating'onoting'ono. Ndinatulutsa ndalama yapepala ya 20 złoty m'thumba, n'kuitembenuza: chithunzi chili kuseri kwake ndi cha katchalitchi komweka.

Eni phirili anali a banja la Piast. Woyamba anali Mieszko, cha m'ma 1290. Mu 1327 mwana wake Kazimierz anagonjera John, mfumu ya Bohemia, ndipo kuyambira pamenepo akalonga a kuno anali ndi mfumu pamwamba pawo. Ufumu wa Bohemia utagwa m'manja mwa banja la Habsburg mu 1526, a Habsburg anangokhala chire kudikira tsiku limene mbumba ya Piast idzathe.

Tsikulo linkaoneka ngati lakwana mu 1625, kalonga Friedrich Wilhelm atamwalira wopanda mwana wolowa m'malo. Koma panali mlongo wake, Elizabeth Lucretia, mayi amene nkhani yake inandigwira mtima kuposa zonse zimene ndinamva paulendowu. Anakana kuchoka. Analimbana ndi mfumu yaikulu ya a Habsburg pamlandu umene unatenga zaka zoposa khumi, mpaka mu 1638 anamulola kulamulira moyo wake wonse. Ndiye taganizani, inali nthawi ya nkhondo yaikulu imene inatenga zaka 30, asilikali akulowa ndi kutuluka m'tauni, miliri ikusesa anthu. Mayiyu anamwalira mu 1653, ndipo ana ake sanalandireko kanthu.

Zitatero, dera lonse linasanduka mphatso yopatsana pachibale. Mu 1722 mfumu Charles VI analipereka kwa Leopold wa ku Lorraine ngati chipepeso. Mu 1766 linapita kwa Maria Christina, mwana wa mfumukazi Maria Theresa, ndi mwamuna wake Albert, yemwe zithunzi zimene anasonkhanitsa ndizo zinayambitsa nyumba yotchuka ya Albertina ku Vienna. Womaliza anali Friedrich, mu 1918. Kunena zoona zimandiwawa kuti anthu olima ndi kuweta nkhosa m'mapiri a Beskid ankangomva kuti mwini dziko wasintha, osafunsidwa.

Ngakhale pa zachipembedzo zinali chimodzimodzi. Kalonga Wenceslaus Adam analandira chiphunzitso cha Luther, anthu ambiri n'kumutsatira. Mwana wake Adam Wenceslaus analowa Chikatolika cha m'ma 1610, ndipo m'kupita kwa nthawi matchalitchi a Lutheran analandidwa. Anthu sanagonje. Ankapita kukapemphera mobisa m'nkhalango za m'mapiri, mpaka mu 1709 pamene analoledwa kumanga tchalitchi chimodzi kunja kwa mpanda wa tauni.

Madzulo ndinakwera chitunda kukachiona. Amachitcha Tchalitchi cha Yesu, ndipo m'kati mwake muli makhonde osanjikizana m'mwamba, poti chinkalandira anthu ochokera m'midzi yonse yozungulira, ena oyenda mtunda wautali wapansi. Ndi tchalitchi chachikulu koposa cha Lutheran m'Poland monse, ndipo mpaka lero a mpingowu ndi ochuluka m'dera la Cieszyn kuposa kwina kulikonse m'dzikolo.