Ulendo wosaka mawu a kumudzi pa phiri la Clee

Abale amene mumayenda pa msewu wa M5 kuchoka ku Birmingham kulowera ku Worcester, mwina mudaonapo milongoti iwiri italiitali pafupi ndi mudzi wa Wychbold, musadafike ku Droitwich. Ife takhala tikuidutsa zaka zambiri osaiganizira. Koma Loweruka lina mu Novembala chaka cha 2023, titapuma pang'ono kuchoka ku shifiti ya usiku, tidanyamula ana, tiyi wa m'fulasiki ndi kawailesi kathu kakale ka shortwave, n'kupita kukaiona bwinobwino.

Milongoti imeneyi ndi ya BBC ya kale. Idaimikidwa m'chaka cha 1934 ndipo uliwonse ndi wotalika mamita 213. Tsiku limenelo inali ikuponya Radio 4 pa 198 kHz. Titatsegula kawailesi kathu m'mbali mwa msewu, mawu adatuluka mwamphamvu ngati munthuyo ali m'galimoto momwemo. Ana sadaone chachilendo. Wamkulu adafunsa kuti tavutikiranji ulendo wonsewu pomwe zomwezo zili pafoni.

Funso limeneli lidatibwezera kumudzi. Ife tidakula ndi wailesi ya Nzeru, ija bambo ankaisunga m'kansalu, mabatire ake n'kumayanikidwa padzuwa kuti akokeko masiku ena awiri. Pa MBC tinkamverapo Kapalepale, Nkhani za m'Maboma ndi mauthenga achisoni. Mauthenga amenewa akayamba aliyense ankakhala chete, chifukwa dzina la m'bale wako limatha kutchulidwa uli ndi mbamu ya nsima m'manja.

Koma m'chaka cha 1992, maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo ija ya pa 8 Malichi, bambo adayamba kutseka chitseko madzulo. Ankatsitsa mawu, n'kumapotokola kabatani pang'onopang'ono kusaka Focus on Africa ya BBC kapena Channel Africa ya ku Johannesburg, yomwe inkaulutsa m'Chinyanja. Ife ana tinkauzidwa kuti zomwe tamva zithere m'nyumba momwemo. Zoona za dziko lathu lomwe tinkazimva kuchokera kunja, mpaka tsiku la referendamu pa 14 Juni 1993.

Kuchoka ku Droitwich tidalowera kumadzulo mpaka ku Woofferton, kamudzi ka ku Shropshire kufupi ndi Ludlow. Kumeneko kuli munda waukulu wa milongoti ndi mawaya olukanalukana ngati ukonde wa asodzi a ku Mangochi woyanikidwa pamchenga. Malowa adatsegulidwa m'chaka cha 1943, nkhondo yachiwiri ili mkati, ndipo pambuyo pake adagwira ntchito yoponya Voice of America kumaiko a kum'mawa kwa Ulaya. Mu 2022, nkhondo itabuka ku Ukraine, BBC idayambanso kutumiza nkhani kumeneko pa shortwave. Chifukwa chake n'chomwe chija bambo ankatsekera chitseko: intaneti boma litha kuidula, koma mawu odutsa mumlengalenga alibe chipata.

Mmene zimayendera n'zosavuta kumva. Mafunde a FM amayenda molunjika ndipo safika patali. A shortwave amakwera kumwamba, n'kukagunda mpweya wina umene uli makilomita mazana angapo pamwamba pathu, kenako n'kubwerera pansi kutali kwambiri. Akadumpha chomwecho kangapo amatha kuoloka chipululu cha Sahara. Masiteshoni a manambala otsika, monga ambiri a kwathu, amamveka bwino kukada, makamaka m'miyezi yozizira pamene usiku watalika.

Izi tidaziphunzira tili ana a sukulu ya unamwino kuno, zaka zoposa 20 zapitazo. Masiku amenewo kuimba foni kumudzi kunali kogula kakhadi kokala, mphindi n'kutha musadamalize malonje. Tidagula kawailesi pamsika, n'kumangirira waya pawindo la chipinda chathu ku Smethwick. MBC tidaisaka miyezi yambiri pa 3380 kHz, pomwe inkapezeka kale, koma sitidaigwire. Pakati pa Birmingham ndi Blantyre pali makilomita opitirira 8,000, ndipo makina a kwathu anali atatopa. Komabe paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Usiku wina nthawi itayandikira 3 koloko, mkati mwa phokoso longa mvula padenga la malata, tidamva kulira kwa nkhwazi. Inali wailesi ya Zambia ikutsegula ku Lusaka. Tidadzutsa anzathu awiri a chipinda choyandikana, tonse n'kukhala pansi titafunda mabulangete, kudikira ngati pangamveke liwu limodzi la Chinyanja.

Lero zambiri mwa izi zidatha. Shortwave ya MBC idazima kalekale, ndipo malo oponyera mawu a ku Meyerton, omwe ankanyamula Channel Africa, adatsekedwa mu 2019. M'nyumba zathu za kuno namonso, matchaja a foni ndi mababu amakono amachita phokoso lomwe limaphimba mawu ofooka. N'chifukwa chake dzuwa likulowa tidakwera phiri la Titterstone Clee, lotalika mamita 533, komwe kuli nkhosa ndi mphepo.

Tidatambasula waya wa mamita 10 kuchoka pagalimoto kukafika pampanda, n'kupereka wailesi kwa wamng'ono kuti asake yekha. Adapeza Chifalansa, Chiarabu ndi nyimbo zina zomwe sitidazidziwe. Chichewa sadachipeze. Koma zala zitauma ndi chisanu, tili m'galimoto kumwa tiyi, iye adafunsa kuti agogo ake ankaopa chiyani potseka chitseko. Tidamufotokozera nkhani yonse m'Chichewa, kuyambira paphiri mpaka ku Kidderminster, ndipo kwa nthawi yoyamba sadatipemphe kuti tibwereze m'Chingerezi. Agogo akewo adatisiya iye asadabadwe. Uthenga wake udatipeza pafoni tili kuntchito.

Sitikunyoza foni ayi. Zodiak ndi MBC tikuzimva bwino lomwe pa intaneti, ndipo tikuthokoza. Chotidandaulitsa n'chakuti aliyense amamvera yekha, zomvera zili m'makutu, ana osamvako kanthu. Pempho lathu n'loti pophika madzulo tizitsegula wailesi ya kwathu mokweza kukhitchini, ana azimva, azifunsa.

Amene muli ndi kawailesi ka shortwave kogona m'sutikesi, kapukuteni fumbi. Phiri la Clee si patali ndi Birmingham, ndipo a Clent ali pafupi koposa. Valani zofunda zokwanira, tengani mabatire atsopano, ndipo musasiye ana kunyumba.