Mlandu wa Nambe sunathe kumsika kwathu

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino ndi yanga, ndiye mundipirire, ine si mphunzitsi. Ndimagulitsa mpunga, nyemba ndi mtedza mumsika waukulu wa Mzuzu. Nkhani yanga ndi ya buku limene ambiri tinalidziwa chifukwa cha mayeso, Smouldering Charcoal la Tiyambe Zeleza, lomwe linatuluka mu 1992. Amene munalemba MSCE zaka zimene linali pa silabasi mukukumbuka zomwe tinkaloweza: umphawi, ziphuphu, nkhanza za boma la chipani chimodzi, ndende. Zonsezo zilimo, sindikukana. Koma ine bukuli ndimaliika pamodzi ndi mabuku a chikondi, ndipo wofuna kunditsutsa ayambe wamva zimene anzanga a kumsika analinena.

Ndinaligula kwa mnyamata woyala mabuku akale m'mbali mwa msewu, chikuto chitathothoka kale. Mvula ya kuno mukuidziwa, ikayamba siona kalendala. Masiku oterowo kasitomala amasowa, timangokhala titafunda zitenje pansi pa malata, kudikira. Anthu awiri pa mzere wathu analiwerenga okha. Enawo ndinkawafotokozera pang'onopang'ono, Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka, ngati sewero la pa wailesi.

Kwa amene munaiwala: Mchere amagwira ntchito pa kampani yophika buledi. Amakhala ndi mkazi wake Nambe ndi ana kumalo kotchedwa Njala, dzina lokhalo likukuuzani zonse. Buku likuyamba ndi khoswe amene wamusowetsa tulo bamboyu. Ndalama sizikwana, lendi ikuvuta, Nambe ndi woyembekezera, koma Mchere amamwa, amakweza dzanja pa mkazi wake, ndipo ali ndi Lucy kumbali. Mwana wawo Ntolo akuvulala kutchire. Kuntchito anthu akunyanyala, Mchere akumangidwa. Mbali inayo kuli Chola, mtolankhani wophunzira bwino, ndi chibwenzi chake Catherine wa ku yunivesite. Chola akufera m'ndende.

Woyamba kugamula mlandu anali mayi wa tomato amene benchi yake yayang'anizana ndi yanga. Ndi wamkulu kwa tonsefe, wa Umanyano, ndipo mabanja ambiri a ku Chibavi analangizidwa ndi iye. Iye anati Nambe ndiye mkazi. Anati, “Ana inu, banja si phwando. Mwamuna anali m'ndende, iye anasunga ana, sanawataye. Pamapeto sanakumanenso kodi? Akanathawa tsiku la khofi loyamba, bwenzi buku litathera pomwepo.” Kwa iye nkhani yonse ndi umboni wa mawu amene timauzidwa pa chilangizo, oti banja ndi kupirira.

Mtsikana wa kaunjika, amene analiwerenga yekha masiku atatu, anangoti aaa, amama, ayi. Iyeyu ndi wa Mills & Boon ndi nkhani zija zotuluka zigawozigawo pa Facebook, ndipo poyamba anakana n'komwe kuti bukuli ndi la chikondi. Anati buku la chikondi limafuna kuti mtima uzigunda, uzidikira kuti awiriwa akumana liti. Apa mtima ugunda ndi chiyani, khoswe? Anati Nambe sankamukonda Mchere, anangomuzolowera, ngati mmene munthu umazolowerera nsapato yothina chifukwa ulibe ina. Mayi wa tomato anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kumufunsa kuti wakhalapo pabanja zaka zingati. Mtsikanayo anati ziro, ndipo ngati banja lake ndi limenelo, ziroyo achita kumusungira mufiriji. Tinaseka mpaka wa matikiti a msika anaima kufunsa kuti kwagwanji.

Panali bambo mmodzi yekha pa zokambiranazi, wogulitsa maloko ndi misomali, amenenso analemba bukuli pa mayeso. Iye anaimira Mchere. Anati amayi inu simudziwa mmene zimawawira kugwira ntchito mwezi wathunthu, kuphika buledi amene ana ako sadya, n'kufika pakhomo wopanda kanthu m'thumba, mkazi akukuyang'ana. Anati mwamuna wotero amadziona ngati wavulidwa, ndiye mkwiyo umene akanaupereka kwa bwana amakautula kunyumba chifukwa n'kokhako kumene mawu ake amamveka. Ndinamumvetsa, ndipo ndikuganiza kuti Zeleza anafunadi kuti tione zimenezo: wamkulu apondereza wamng'ono, wamng'onoyo n'kukapondereza wa pansi pake. Koma ndinamufunsa kuti nanga Nambe, amene umphawi womwewo unkamudya, ndi mimba pamwamba, iye ankakautula kwa yani mkwiyo wake? Nanga ndalama ya kwa Lucy inkapezeka bwanji pamene ya lendi inkasowa? Apo bamboyo anati kasitomala akumuitana. Panalibe kasitomala.

Ine pandekha chimene chimandivuta m'bukuli ndi ichi. Mchere akalowa m'ndende timayamba kumukonda. Akuzunzidwa, akulimba mtima, akuphunzira kwa Chola ndi akaidi anzake, akusanduka munthu wina. Pofika kumapeto owerenga tamukhululukira. Koma anamukhululukira ndi ife, chifukwa cha zimene boma linamuchita. Zimene iye anamuchita Nambe zinangokwiririka pansi pa mavuto aakuluwo. Ndi mmenenso zimakhalira kwathu kuno. Bambo akadwala, kapena ntchito ikatha, kapena akagwidwa ku Joni n'kubwezedwa wopanda ngakhale chikwama, mlandu wake wa m'nyumba umafafanizika, ndipo mkazi amene angaukumbutse ndiye amaoneka woipa mtima.

Pa Catherine ndiye panavuta zedi. Chola atamwalira, iye akudzakwatiwa ndi Ndatero, amene anali m'ndende limodzi ndi Chola. Mayi wa tomato sanazikonde. Anati mwana ameneyu sanalire mokwanira, ndipo kukwatiwa ndi mnzake wa malemu ndi zochititsa manyazi. Mtsikana wa kaunjika anati apo ndiye pokhapo pamene buku linamukoma, chifukwa mkazi wasankha yekha. Taonani mmene timaweruzira akazi anzathu. Nambe wakhala ndi mwamuna womumenya, tikuti ndi chitsanzo. Catherine mwamuna wake wafa, palibe amene wamulakwira, wapeza womutonthoza, tikuti wafulumira. Ndinawauza kuti ngati Catherine ndiye akanafa, Chola n'kukwatira chaka chomwecho, tonse tikanati mwamuna sangakhale yekha, ndani azimuchapira.

Tsopano pali munthu mmodzi amene masiku onsewa sankayankhula. Ndi mnzanga wa usipa, timagawana ambulera. Kwawo ndi ku Mzimba, ndipo mwamuna wake ali ku Johannesburg chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano. Zaka ziwiri zoyamba ankatumiza ndalama ndi katundu pa mabasi aja. Kenako zinayamba kudumphadumpha, kenako zii. Anthu obwera kumeneko amanong'ona kuti ali ndi mkazi wina ndi mwana. Asanapite, dzanja lake linalinso lopepuka ngati la Mchere. Tsiku lina mtsikana wa kaunjika akubwereza zoti iye akanalongedza tsiku lomwelo, mnzangayu anafunsa osakweza mawu, maso ali pa milu ya usipa: “Akanapita kuti? Nanga ana?”

Panakhala chete. Funso limenelo silinali la Nambe.

Pamenepa m'pamene ndinaona kuti buku limodzi timaliwerenga mosiyana malinga ndi kumene tinabadwira. Ine kwathu ndi ku Dedza, kwa chikamwini. Kumudzi kwathu banja likatha, amene amanyamula bulangete lake ndi mwamuna. Mkazi amatsala pa nthaka ya amayi ake, ana ali pambali, malume awo alipo. Sindikunena kuti akazi a kwathu savutika, amavutika, koma pothawira amakhala napo. Mnzangayu anamulowola ng'ombe. Mwa mwambo wa kwawo ana ndi a kuchimuna, ndipo akati achoke, apongozi ake adzamuuza kuti pita bwino, koma ana asiye. Abale ake omwe safuna kumva za kutha kwa banja, chifukwa nkhani ya ng'ombe ingadzuke, ndipo ng'ombezo zinapita kale kukalowolera mchimwene wake. Ndiye mawu oti “ndikanachoka” kwa ine ndi mtengo wina, kwa iye ndi mtengo wina.

Malamulo alipo, eya. Pali lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006, pali lamulo la maukwati ndi kutha kwa mabanja la 2015, ndipo khoti pogamula za ana limayenera kuyang'ana ubwino wa mwanayo, osati ng'ombe. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support. Zonsezi mnzangayu akuzidziwa, amamvera wailesi. Koma tsiku limene wapita kukhoti ndi tsiku limene usipa sunagulitsidwe, ndipo akapambana mlandu adzakhalabe mkazi amene anatengera apongozi ake kukhoti, ana ake n'kumakula akumva zimenezo pa maliro aliwonse a kumudzi. Nthawi ya Nambe kunalibe n'komwe malamulo amenewa. Amayi anga amasimba kuti masiku amenewo ngakhale pa geti la msika sunkalowa wopanda khadi la chipani, a Youth ataima pamenepo. Mkazi wa munthu womangidwa pa zandale ankathawidwa ngati ali ndi khate. Mukamuweruza Nambe muziyamba mwaika zimenezo pa sikelo.

Ndipo Nambe si mkazi wogona ayi, apa mayi wa tomato ndi mtsikana wa kaunjika onse anamuchepetsa. Mwamuna ali m'ndende, mkulu wa chipani akufuna kumudyera masuku pamutu pomuona kuti alibe womuteteza, Nambe akuyatsa nyumba ya mkuluyo n'kuthawa. Nditafotokoza gawo limenelo mzere wonse unaimba m'manja, wina mpaka nthungululu. Mkazi amene angathe kuyatsa nyumba ya munthu woopedwa dera lonse sanakhale ndi Mchere chifukwa cha mantha okha. Pali china chimene chinkamugwira. Kaya ndi chikondi, kaya ndi ana, kaya ndi kukumbukira mmene mwamunayo analili asanaphwanyidwe ndi umphawi, bukulo silikutiuza mwachindunji, ndipo n'chifukwa chake ine ndimalitcha la chikondi. Mabuku a Mills & Boon amathera pa ukwati. Ili likuyambira pamene ana abadwa kale, denga likudontha, ndipo likufunsa ngati pansi pa phulusa patsala khala lamoto. Dzina lake lomwe likunena za makala onyeka pang'onopang'ono. Aphunzitsi ankati ndi mkwiyo wa anthu oponderezedwa. Ine ndimaonamonso mbaula ya m'nyumba mwa Nambe.

Za ine mwina mukufuna kudziwa, poti ndayankhula za anzanga. Ndili pabanja zaka 11. Panali chaka china chimene bambo a kunyumba ntchito itawathera anayamba kulowetsa dzanja mu mpamba wanga, lero pang'ono, mawa pang'ono, mpaka ndinalephera kuoda mpunga wa Kilombero nyengo imene umatsika mtengo ku Karonga. Mawu anakula m'nyumba, ankhoswe anabwera kawiri. Sindinachoke. Koma kuyambira pamenepo ndalama ya bizinesi imagona ku banki m'khonde ndi mufoni, ndipo iwo akudziwa kuti benchi ija ndi yanga, chitseko ndikuchidziwa pamene chili, ndipo ku Dedza basi imapita tsiku lililonse. Tikukhala bwino tsopano, mwina kuposa kale. Ndikamawerenga za Nambe ndimaona kuti chimene chikutisiyanitsa si nzeru kapena kulimba mtima. Ine ndili ndi benchi ndi kwathu. Iye analibe.

Mayi wa tomato sanasinthe maganizo, ndipo sindinayembekezere kuti asintha. Anangowonjezera kuti pa chilangizo amawauzanso atsikana kuti asamakhale manja lende, azigwira kabizinesi. Mtsikana wa kaunjika akuti akufuna wina alembe buku lomweli kuchokera m'kamwa mwa Lucy, chifukwa nayenso ali ndi lendi yolipira ndipo palibe amene anamufunsa kuti anafika bwanji kumeneko. Alembi muli m'gulu lino, mwamva.

Mnzanga wa usipa mathero a nkhani sanawamve. Tsiku limene ndinkamaliza kufotokoza anali atapita ku Nkhata Bay kukaoda nsomba. Atabwera ndinati ndimuuze, anakana. Anabwereka bukulo kuti mwana wake wamkazi wa Fomu 3 azimuwerengera madzulo n'kumamumasulira m'Chitumbuka. Akuti afika pamene Mchere ali pa mzere kuchipatala ndi Ntolo, ndipo mwanayo anaima pakati n'kufunsa amayi ake ngati adada ake akanamunyamula chonchija iye atavulala. Sabata yathayi mlamu wake anabwera kubenchi kudzanena kuti bambo aja aimba foni, akuti abwera pa Khirisimasi. Iye anangoti yewo, n'kupitiriza kupanga milu. Buku likadali kwawo ku Mchengautuwa, ndipo wandiuza kuti ndisalifunse mpaka amalize.