Manambala a pa Zikwangwani za Mseu wa M1

Aliyense woyenda pa mseu wa M1 kudzera ku Lumbadzi, Mponela ndi Madisi m'boma la Dowa amaona zikwangwani zosonyeza kutalika kwa ulendo. Ambirife timangowerenga dzina la malo, nambala osayilabadira.

Kuchokera pa Mponela, ku Kasungu ndi makilomita pafupifupi 70, ku Mzuzu pafupifupi 300. Komatu mseuwo suthera pamenepo. Umakafika ku Karonga mpaka pa mtsinje wa Songwe, m'malire ndi Tanzania, ndipo kummwera umakathera ku Marka m'boma la Nsanje. Wonsewo umapitirira makilomita 1,000.

Abale ndi alongo, kwa Msilamu manambalawa sali ongokongoletsa mseu. Malinga ndi madhhab a Imam Shafi'i, amene ambiri m'Malawi muno timatsatira, wapaulendo amaloledwa kufupikitsa Swala ya marakaa anayi kukhala awiri ngati ulendo wake wapitirira pang'ono makilomita 80. Kale ma Ulama ankayeza ndi masiku awiri a ngamira. Lero chikwangwani chatiwerengera kale.

Choncho wopita ku Mzuzu afupikitse popanda kukayika. Wa ku Kasungu zamuperewera pang'ono. Amene amandimvetsa chisoni ndi wopatuka pa Mponela kulowera ku mapiri a Ntchisi. Kukafika pa boma sipakwana ngakhale makilomita 50, koma akapitirira kumidzi nthawi ya dzinja, galimoto ya matola imatitimira m'matope, zitunda n'kuzikwera wapansi katundu ali pamutu. Amafika atatheratu kuposa wa ku Mzuzu uja, koma Swala ya Asr aswali marakaa anayi onse.