Mzinga wa pa Boma ndi Mwendo wa Amalume

Aliyense amene adafikako pa Boma la Mangochi adauona mzinga uja uli pafupi ndi nsanja ya wotchi, munthu asanaoloke mlatho wa pa Shire. Ine ndidakula ndikuukonda kwambiri mzinga umenewu. Tikatsika kuchokera kwathu ku Namwera kudzagula zinthu pa Boma, ndinkavutitsa amai kuti tidzereko. Iwo akamapuma pamthunzi, ine ndinkaima kumbuyo kwa mzingawo ndi kumachita phokoso pakamwa ngati ndikuombera adani. M'makope anga a ku pulaimale, masamba onse akumapeto adadzaza ndi zithunzi za mfuti. Ndayamba ndi kuulula zimenezi kuti owerenga adziwiretu kuti amene akulemba pano si mwana amene adabadwa wodana ndi zida ai.

Mbiri ya mzingawo ndidaiphunzira nditafika Fomu 2. Udali pa sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba kumene, Kaputeni Rhoades adapita ndi sitimayi ku Sphinxhaven, kumene lero kumatchedwa Liuli m'dziko la Tanzania, nakaombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann ili pamtunda. Chimene chidatiseketsa m'kalasi ndi chakuti kaputeni wa Chijeremani adali bwenzi lake la Rhoades, ndipo sadamve n'komwe kuti ku Ulaya kwabuka nkhondo. Adangoona mnzake womwa naye akumuombera. Tidaseka mpaka misozi, ine ndiye kuposa onse.

Teremu yathayi tidali ndi mtsutso pa seminale pano. Mutu wake udali wakuti Afrika ayenera kukhala ndi bomba lakelake la nyukiliya, ndipo ine adandiika kumbali yovomereza. Ndidakonzekera usiku ndi usana. Ndidauza anzanga kuti maiko amene ali ndi mabomba ameneŵa ndi 9, ndipo palibe ndi limodzi lomwe la mu Afrika. Mabombawo alipo pafupifupi 12,000, ndipo ochuluka zedi ali m'manja mwa Amerika ndi Russia. South Africa idapanga mabomba 6, kenaka idawaphwasula yokha, ndipo Pulezidenti de Klerk adaulula zimenezi m'nyumba ya malamulo mu 1993. Mu 1996 maiko a mu Afrika adasaina pangano la Pelindaba lakuti kuno kwathu kusadzakhale zida za nyukiliya. Pamenepo ndidamenya tebulo ndi kufunsa kuti, "Nanga adatithokoza ndani?" Mfundo yanga yomaliza idali ya Ukraine, dziko limene mu 1994 lidavomera kupereka mabomba amene lidatsala nao Soviet Union itagwa, litalonjezedwa kuti malire ake adzalemekezedwa. Mu 2014 Russia idalanda Crimea, ndipo mu 2022 idalowa ndi nkhondo yeniyeni. A mbali yotsutsa adasowa chonena. Tidapambana, adatipatsa sopo ndi makope awiriawiri, ndipo anzanga adayamba kunditchula kuti Jenerali. Kunena zoona dzinalo lidandikoma.

Holide itafika ndidapita kwathu. Amalume anga, alongo ao a amai, ndi telala pakhonde la sitolo ina pa msika. Mwendo wao wamanzere udathera m'munsi mwa bondo, kotero makina amapalasa ndi mwendo umodzi, ndodo yao ataitsamiritsa kukhoma. Kuyambira ndili wamng'ono ndinkadziwa kuti adaponda bomba ku Mozambiki, koma ndinkazidziwa monga momwe munthu amadziwira kuti kuseri kwa mudzi kuli phiri. Sindidafunsepo. Tsiku limenelo ndidawatengera buluku langa la yunifolomu kuti alitalikitse, ndipo ali mkati mosoka ndidayamba kudzitama za mtsutso uja. Ndidabwereza mfundo zanga zonse, ya Ukraine ndidaibwereza kawiri.

Iwo adangokhala chete, makina ali kulira. Atadula ulusi ndi mano adandiyang'ana nati, "Mphwanga, bomba lakolo limamva?"

"Kumva chiyani, amalume?"

"Nkhondo ikatha, limamva kuti yatha?"

Ndidaseka, ndimayesa nthabwala. Koma iwo sadaseke. Adandiuza kuti ndikhale pa benchi, ndipo adayamba kufotokoza.

Banja lathu la kuchikazi lidachokera kutsidya kwa malire, kufupi ndi Mandimba m'chigawo cha Niassa. Adathawa mu 1986, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika poipa, amalume ali ndi zaka 6, amai anga ali kumsana. Sadali okha, pakuti Malawi idasunga anthu othawa nkhondo oposa 1 miliyoni m'zaka zimenezo. Pa 4 Okutobala 1992 Pulezidenti Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo, Afonso Dhlakama, adasaina pangano la mtendere ku Roma. Amalume akuti agogo adamva pa wailesi ya mnansi wao, ndipo adalulutira mpaka mau kutha. Komabe sadathamangire kubwerera. Adadikira mpaka chisankho cha Okutobala 1994 chitadutsa bwino, ndipo pamenepo agogo aamuna adatenga amalume kuti akaone ngati pamudzi pakale patsala kanthu.

Nyumba adazipeza zitagwa, tchire lokhalokha. Chimene chidatsala ndi mtengo wa mango umene agogo adabzala, ndipo udali utabereka zochititsa kaso, poti kwa zaka 8 padalibe wothyola. Amalume adali ndi zaka 14. Adasiya njira ndi kuthamangira kumtengoko. Akuti phokosolo sakulikumbukira. Chimene akukumbukira ndi fumbi m'kamwa, ndi agogo aamuna akufuula dzina lao koma ataima pomwepo osasuntha, chifukwa sankadziwa kuti lina lili pati. Bambo kuona mwana wake akutaya magazi pamtunda wa mapazi 20 okha, koma kumayenda pang'onopang'ono, kuponda momwe mwanayo adaponda! Adawabereka kumsana, kenaka pa njinga yobwereka, mpaka kuchipatala cha kuno ku Malawi. Kuyambira pamenepo agogo aakazi adakana kwamtuwagalu kubwerera, n'chifukwa chake ine ndidabadwira ku Namwera.

Akuluakulu amati nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu. Apa zidatembenuka: adadya ndi akulu, wopotedwa ndi mwana. Pangano lidali litasainidwa zaka ziwiri zapitazo, asilikali a United Nations adali atabwera kudzasonkhanitsa mfuti, anthu adali ataponya voti, koma kanthu kaja kadali pansi pa mango kakudikirabe.

Ine mutu wa Jenerali udali usanandichoke. Ndidati, "Koma amalume, bomba lokwirira pansi ndi bomba la nyukiliya ndi zinthu zosiyana. La nyukiliya ndi longoopsezera, saliponya." Iwo adati, "Ine sukulu sindidapite nayo patali ngati iwe. Koma amene adakwirira lija nayenso ankati akungoteteza ake. Sankandidziwa ine. Mwina lero amapemphera nao limodzi m'tchalitchi." Atatero adandipatsa buluku langa, ndipo ndalama adakana. Ndidakumbuka mochedwa, ndili m'njira, kuti la nyukiliya adaliponyapo kale: pa 6 Ogasiti 1945 ku Hiroshima, kumene anthu pafupifupi 140,000 adali atafa pofika kumapeto kwa chakacho, ndipo patapita masiku 3 lina ku Nagasaki. Ena adapitirira kufa ndi matenda nkhondo itatha kalekale. Nalonso silidamve.

Masiku otsala a holide ndidawathera pofufuza za nkhaniyi, ndipo Bambo Mfumu a pa parishi yathu adandithandiza ndi mabuku ndi intaneti ya ku ofesi kwao. Chimene chidandidabwitsa ndi kutalika kwa ntchito yochotsa zida. Zokambirana za ku Roma zokha zidatenga zaka zoposa ziwiri, kuyambira mu 1990, ndipo amkhalapakati ena adali anthu a Mpingo: a gulu la Sant'Egidio, Ambuye Jaime Gonçalves, Arkiepiskopi wa Beira, ndi Bambo Matteo Zuppi amene pambuyo pake adadzakhala Kadinala. Koma kusaina kudali kuyamba chabe. Mabomba okwirira adayenera kufukulidwa limodzilimodzi, munthu atagwada pansi, akufufuza dothi pang'onopang'ono padzuwa. Bungwe la HALO Trust lokha lidachotsa mabomba oposa 171,000 m'dzikomo. Mozambiki idalengeza kuti yamaliza kuchotsa mabomba onse odziwika mu Seputembala 2015, patatha zaka 23 chisainireni mtendere. Kukwirira bomba limodzi ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Apa ndisaiwale bwampini. Inde, bwampini yemweyu amene anyamata amamukumba kudambo ndi kumuotcha. Bungwe la APOPO limaphunzitsa abwampini ku Morogoro m'dziko la Tanzania kununkhiza onga wa m'mabomba, ndipo adagwira ntchito imeneyi ku Mozambiki, ku Tete komwe. Poti ndi wopepuka, akaponda bomba siliphulika. Nditawauza amalume adaseka koyamba pa nkhani yonseyi, nati ndiwo imeneyo sadzadyanso.

Za mfuti nazonso zidali chimodzimodzi. Anthu ambiri sadapereke mfuti zao kwa asilikali a United Nations, adazikwirira m'minda ndi m'mapanga, aliyense akuopa kuti mnzake sadapereke yake. Mu 1995 Ambuye Dinis Sengulane, Episkopi wa Anglikani, pamodzi ndi bungwe la mipingo ya Chikhristu ku Mozambiki, adayambitsa ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, malata ndi makina osokera. Mfutizo ankazidula, ndipo zidutswa zina amisiri adapangira zinthu zokongoletsa. Mpando wina wopangidwa ndi mfuti zimenezi uli ku British Museum ku London. Ndikuganiza kuti Ambuye Sengulane adamvetsa chinthu chimene ine pa mtsutso uja sindidachimvetse. Munthu sasunga mfuti chifukwa choikonda. Amaisunga chifukwa cha mantha ndi njala, ndipo simungamulande popanda kumuika china m'manja.

Mu Disembala 1997 maiko adasaina ku Ottawa pangano loletsa kupanga, kusunga ndi kutchera mabomba okwirira olimbana ndi anthu. Malawi ndi Mozambiki ali m'panganoli pamodzi ndi maiko ena pafupifupi 160, ndipo msonkhano woyamba wa maiko a m'panganoli udachitikira ku Maputo mu 1999. Amerika, Russia ndi China sadalowemo. Choipa kwambiri n'chakuti mu 2025 maiko 5 a ku Ulaya, Estonia, Latvia, Lithuania, Finland ndi Poland, adalengeza kuti akutulukamo chifukwa choopa Russia. Nditawerenga zimenezi ndidamva ngati ndikumva mau anga omwe pa mtsutso paja. Mfundo zao ndi zomwe zija ndidapambana nazo ine.

Sindinama kuti mfundo ya Ukraine yafa. Ikadali yamoyo, ndipo imandivuta. Amene ayamba kutula chida akhoza kupusitsidwa, zimenezi zidachitikadi. Mantha a anthu a ku Poland ndi ku Finland si abodza. Koma tsopano ndikaiganiza mfundoyi ndimaona kuti ikutsutsa amene adaphwanya lonjezo, osati amene adalikhulupirira. Ndipo ngati yankho lake ndi lakuti aliyense akhale ndi bomba lake, ndiye kuti maiko onse, pafupifupi 200, adzakhala ataima ngati agogo aamuna pansi pa mango paja, osadziwa poponda. Pa mtsutso ndidawerenga mabomba, ndidawerenga maiko, ndidawerenga zaka. Mwana wa zaka 14 wothamangira mango sindidamuwerenge, pamene ndi amene amandisokera yunifolomu.

Tsiku lotsegulira sukulu amalume adandiperekeza pokwerera minibasi, ndodo yao ikugogoda pamiyala. Adandipatsa kaphukusi ka mtedza nati ndikalimbikire Chingerezi ndi masamu. Za bomba sadatchulenso. Titatsika mapiri ndi kuoloka mlatho, ndidauona mzinga uja pawindo, ana awiri akusewera pambali pake monga ndinkachitira ine. Ndidakumbuka kaputeni wa Chijeremani amene sadamve kuti nkhondo yayamba, ndipo ulendo uno sichidandiseketse.

Ndapempha aphunzitsi oyang'anira mtsutso kuti mutu uja udzabwerenso teremu ino, ndipo kuti ine adzandiike kumbali yotsutsa. Avomera, koma andichenjeza kuti mnzanga wa Fomu 4 amene adzatenge mbali yanga yakale wakopera kale mfundo zanga zonse, ya Ukraine yomwe. Anzanga akunditchulabe Jenerali, ndipo ndatopa nako kuwaletsa. Sopo uja adatha kalekale. Pa makope awiri aja, limodzi ndikulembamo notsi za Bayoloje. Linalo ndalembamo nkhani ya amalume monga momwe adandifotokozera pakhonde paja, ndipo pa holide ikubwerayi ndikawawerengera kuti akonze pamene ndalakwitsa. Ndikafunsanso agogo aakazi mbali yao, pakuti tsiku limenelo iwo adatsala kuno, ndipo adangoona njinga ikubwera.