Chingwe cha Belo

Anthu amati munthu akatuluka pa belo ndiye kuti wapulumuka. Ife a ku Malingunde timaidziwa mbuzi ya pachingwe: msipu imadya ndithu, koma polekezera chingwe pomwepo.

Anandigwira mu 2021 pa mlandu wa makala a ku Dzalanyama, patangotha chaka chikhwimitsireni lamulo la nkhalango. Matumbawo sanali anga, yanga inali njinga yomwe ndinabwereketsa. Khoti linandipatsa belo malume atandiimira. Anandilamula kuti Lachisanu lililonse ndizikaonekera kupolisi, ndiponso ndisatuluke m'boma la Lilongwe.

Ganyu wa fodya ku Kasungu anandidutsa motero. Maliro a azakhali ku Dedza ndinalirira pakhomo. Njinga anaisunga ngati umboni, choncho ulendo wa Lachisanu unali wapansi. Mlandu ankangousuntha: lero mboni sinabwere, mwezi wamawa fayilo sikuoneka.

Koma chinkandiwawa kwambiri ndi malume. Madzulo aliwonse ankatulukira pakhomo, ati kudzapala moto. Ankadzaona ngati ndilipo.

"Mphwanga, ukathawa adzatenga ine," anatero tsiku lina, maso ali pansi.

Mlandu unathetsedwa patapita miyezi 14. Kumpingo, usungichuma sanandibwezere mpaka lero.