NTHAKA IMAYAMBA YACENJEZA ISANAGWE

M'komboni ya Matero mu mzinda wa Lusaka muli mkulu wina wa zaka zopitirira 75 amene sapeza tulo mwezi wa September ukafika. Kwao ndi ku Petauke, koma mphamvu za unyamata wao anazisiya pansi pa nthaka ku Mufulira, mu mgodi wa mkuwa. Kuseri kwa citseko amasunga mgwala, citsulo cacitali cofanana ndi cimene anali kugwira naco nchito. Adzukulu amati ndi cofukulira miyala, koma eni ace amati ndi khutu lao.

Nchito yao inali yotere: akaphulitsa miyala, utsi ndi kutha, iwo anali kutsogola kukagogoda denga la ngalande anzao asanalowe. Mwala wolimba umalira ngwee! ngati belu. Mwala wolekana ndi unzace umalira mopwepwera ngati ng'oma, ndipo wotere amaugwetsa msanga usanagwere munthu.

Caka cino mdzukulu wao wamkazi, amene anaphunzira za migodi pa University of Zambia, anapeza nchito yopima kulimba kwa miyala pa mgodi wina ku Cigawo ca Migodi. Banja lonse linaimba nthungululu, koma ambuye ace anangoti duu, nsima osaikhudza. Usiku, ena atagona, anaitana mwanayo pa khonde namuuza zimene sanauzepo ngakhale amai ace.

Anayamba ndi kakumbidwe kace. Pali njira ina yokumbira imene anthu safukula mwala wonse ndi manja. Amaboola ngalande kunsi kwa mwala wa mkuwa, nacotsa cimene cikuucirikiza, kuti ugumuke wokha ndi kulemera kwace. Zidutswa zimatsikira m'mabowo, anthu namazitapa pansi. Zili monga kutapa cimanga pa kabowo ka kunsi kwa nkhokwe: ukatapa pansi, pamwamba pamatsika. Njirayi siidya ndalama zambiri, koma kugumukako kumakwera pang'onopang'ono mpaka kufika kunja, ndipo ciliconse cokhala pamwambapo cimatsatira.

Ku Mufulira pamwambapo panali damu la matope otsala akayenga mkuwa. Mbandakuca wa pa 25 September 1970 nthaka inabooka pansi pa damulo, ndipo matope okwana pafupifupi matani miliyoni imodzi anakhuthukira mu mgodi. Amuna 89 a nchito ya usiku anafa. Mkuluyu anapulumuka cifukwa sabata imeneyo anali wa masana. Mnzao wogona naye cipinda cimodzi sanabwere, ndipo mbale yace inakhala masiku ambiri pa windo popanda woicotsa.

Cimene cimawapweteka kufikira lero si matopewo ai, koma kuti nthaka inali itacenjeza. Ngozi isanacitike, pa damulo panali pataoneka malo otitimira, ndipo pansi matope anali atatulukirapo m'malo otapira miyala. Boma linakhazikitsa bungwe lofufuza, ndipo zizindikiro zimenezi zinadziwika kwa onse. Maso anaona, koma zooneka kumwamba ndi zooneka pansi sizinalumikizidwe nthawi ilipo.

Mdzukuluyo anamvetsera mwaulemu, kenaka anafotokoza nchito imene anaphunzira. Masiku ano amakwirira m'miyala tizipangizo tomva kunjenjemera, timene timamva mwala ukamasweka kutali kumene khutu la munthu silingamve, ndipo makina amaonetsa pamene waswekera. Amaika mawaya m'mabowo atali opima ngati mng'alu ukukula. Ena amapima mphamvu ya madzi m'nthaka, pakuti madzi ndiwo amasandutsa dothi kukhala phala. Amatsitsanso makamera m'mabowo kuti aone mpata wa pakati pa denga ndi mulu wa miyala yogumuka. Mpatawo ukakula ndi woopsa: mu 1999 pa mgodi wa Northparkes ku Australia denga linagwa nthawi imodzi, ndipo cimphepo cimene linakankha m'ngalande cinapha anthu anai. Ngakhale makina oyenda mlengalenga amatha kuona nthaka yatsika pang'ono cabe.

Ambuye ace anagwedeza mutu, nakumbutsa mwanayo kuti mu September 2025 matope analowanso mu mgodi waukulu wa Grasberg ku Indonesia, wokumbidwa mwa njira yomweyi, napha anthu asanu ndi awiri. Pamenepo anafunsa funso limodzi.

"Mdzukulu wanga, makina akalira, ndani amaimitsa nchito?"

"Wopima amalemba ndi kukanena kwa akulu a mgodi, ambuye, ndipo anthu amatulutsidwa."

"Nanga akulu akati mkuwa wa mwezi uno sunakwane?"

Mwanayo anakhala cete kanthawi, nayankha kuti sadzasaina pepala lonena kuti malo ali bwino pamene mtima wace ukudziwa kuti sali bwino, ngakhale nchito imuthere. Mkuluyo anati amenewo ndiwo mau amene anali kuwadikira, pakuti cipangizo ndi mgwala ndi cimodzimodzi: zonse zimamva, koma zilibe pakamwa. Pakamwa pace ndi munthu.

Nkhani ya mkuluyu siikhudza migodi ikuluikulu yokha. Anyamata ambiri akukumba golide m'maenje ku Vubwi ndi ku Petauke, ena akuswa miyala ku Kanyama. Iwo alibe makina, koma zizindikiro ndi zomwezo: mng'alu watsopano m'mphepete mwa dzenje, timiyala toyoyoka tokha, mtengo wocirikiza wolira kapena wopindika, madzi otuluka pamene panali pouma, makamaka mvula itagwa. Woona zotere atuluke, aitanenso anzace. Mwala wa ndalama udzapezeka mawa, koma mwana wokwiririka sabwera.

Tsiku la ulendo, mkuluyo anaperekeza mdzukulu wao kukakwera basi. Mgwala sanampatse, pakuti anati ndi wolemera ndipo masiku ace anatha. Anangomgwira dzanja namuuza kuti akafika ku Mufulira tsiku lina, akaime pa cikumbutso ca amuna 89 aja, akavule cisote cace ca nchito, ndipo akawauze kuti tsopano pali wina wa m'banja amene akumvetsera.